Wovulala Amayamba Kudzidalira Akadali pa Bedi la Chipatala

Liwonde ndi tawuni ya pamphambano. Msewu wochokera ku Zomba umaoloka Shire pa Kamuzu Barrage n'kukagawikana kutsidya, nthambi ina kuloza ku Mangochi, ina kudzera ku Balaka kukakumana ndi msewu waukulu wa M1, pamene msewu wina umayambira m'tawuni momwemo kukwera ku Ntaja ndi ku Nselema. M'misewu imeneyi mumapanikizana malole, maminibasi, njinga zamoto za kabaza, njinga zakapalasa zosenza matumba a makala, ana asukulu ndi amayi opita kumsika, ndipo si zachilendo kumva kuti kwachitika ngozi. Tikawonjezapo ogwa m'mitengo ya mango, ogwidwa ndi ng'ona kapena olumidwa ndi mvuu mu Shire, ndi ana opsa ndi moto kapena phala lotentha, tipeza kuti mawodi a ovulala pachipatala chachikulu cha boma la Machinga, chomwe chili pa Liwonde pomwepo, ndi pachipatala cha Balaka sakhala opanda anthu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 735,000 m'boma la Machinga ndi oposa 438,000 m'boma la Balaka, ndipo ambiri mwa iwo akavulala kwambiri amayamba afika pa zipatala ziwirizi asanatumizidwe ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Ngozi tinazolowera kuiyeza ndi maliro. Wailesi imatiuza kuti afa angati, za ovulala n'kungoti akulandira thandizo kuchipatala, nkhani n'kuthera pomwepo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati ngozi zapamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni chaka chilichonse, koma ovulala osafa amakhala pakati pa 20 miliyoni ndi 50 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo amatsala ndi ulumali. Kwa opulumukawa funso ndi lina: kodi munthuyu adzathanso kudzitembenuza yekha, kukhala tsonga, kudya ndi dzanja lake, kupita kuchimbudzi popanda womunyamula, kenaka kubwerera kumunda, kumsika kapena kusukulu? Ine ndikuti yankho la funso limeneli limakonzedwa m'masabata oyambirira, munthu akadali pa bedi la chipatala, ndipo m'zipatala zathu za m'maboma amene ali ndi gawo lalikulu pa yankholi ndi wachibale wodikirira wodwala, uja timati gadiyani. N'chifukwa chake wachibaleyu ayenera kuphunzitsidwa, kumvedwa ndi kuthandizidwa, ndipo chikondi chake chikhale chomuthandiza wovulala kuti adzichitire zinthu, chisakhale chomuchitira zonse.

Tiyambe ndi zimene bedi limachita pathupi. Kugona timakuona ngati mankhwala, koma kukatalika kumasanduka matenda ena. Mu 1966 akatswiri a ku Dallas ku America anagoneka anyamata asanu athanzi kwa masabata atatu osadzuka, ndipo mphamvu ya mtima ndi mapapo awo inatsika ndi gawo loposa limodzi mwa magawo anayi. Atawayezanso patatha zaka 30, anapeza kuti kukula kwa zaka zonsezo sikunawafooketse ngati momwe masabata atatu aja anachitira. Amenewo anali anthu osavulala. Kwa wothyoka fupa la ntchafu, amene mwendo wake aukoka ndi zolemera kwa masabata 6 kapena kuposerapo, minofu imafota, bondo limauma, magazi angathe kuundana m'mitsempha ya m'miyendo, makhololo amadikha m'chifuwa n'kubweretsa chibayo, m'mimba mumauma, ndipo khungu la pamatako, m'chiuno ndi pazidendene limayamba kufa chifukwa chopanikizidwa ndi kulemera kwa thupi. Kutentha kwa m'chigwa cha Shire m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumawonjezera vuto, pakuti khungu lonyowa ndi thukuta kapena mkodzo silichedwa kusupuka. Choncho fupa likhoza kulumikizana bwinobwino, ekisireyi n'kuonetsa kuti zonse zili m'malo mwake, koma mwini fupa n'kutuluka ali wolephera kupinda bondo, ndipo kumudzi wolephera kupinda bondo sangathe kunjuta pachimbudzi, kukhala pamphasa kapena kupalasa njinga.

Mbiri ya ovulala msana ndiyo imaonetsa bwino kumene kwagona chipulumutso. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanafike, ambiri mwa anthu ovulala mtsempha waukulu wa mumsana ankafa pasanapite zaka zambiri, ndipo chowapha nthawi zambiri chinali zilonda za pabedi ndi matenda a m'chikhodzodzo okwera mpaka ku impso. Mu 1944 dokotala Ludwig Guttmann anatsegula wodi ya ovulala msana pachipatala cha Stoke Mandeville ku England, ndipo njira yake inalibe makina odabwitsa: kumutembenuza wodwala maola awiri aliwonse usana ndi usiku, kusamala mkodzo mwaukhondo, kuwongola ndi kupinda mfundo za thupi tsiku lililonse, ndi kumupatsa munthu chochita, kaya ntchito yamanja kaya masewera. Mpikisano umene anayambitsa mu 1948 ndiwo unadzakula n'kukhala masewera a Paralympics. Tikuphunzirapo kuti zimene zimabwezera munthu pa moyo wodzidalira ndi ntchito zazing'ono zobwerezabwereza, zofuna manja, nthawi ndi kukhulupirika koposa ndalama. Ku Stoke Mandeville manja amenewo anali a antchito olembedwa ndi chipatala. Ku Liwonde ndi ku Balaka nthawi zambiri amakhala a mayi, mkazi, mlongo kapena mwana wa wovulalayo.

Zili choncho chifukwa cha mmene ntchito yachipatala ilili m'dziko muno. Madokotala aakulu a mafupa ndi ochepa, ndipo ambiri ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Amene amagwira mafupa m'maboma ndi ma orthopaedic clinical officer, gulu limene maphunziro ake anayambitsidwa mu 1985 ndi dokotala wa ku Canada, Edward Blair, ndipo ndilo lasenza ntchito yochuluka ya mafupa m'Malawi. Digiri ya mafizo inayamba kuphunzitsidwa ku College of Medicine mu 2010, ndipo malo odziwika ogonekako anthu ofuna mafizo a nthawi yaitali ndi ku Kachere ku Blantyre, amene kwa zaka zambiri akhala m'manja mwa bungwe lothandiza anthu aulumali la MAP, pamtunda wa makilomita oposa 100 kuchokera ku Liwonde. Usiku namwino mmodzi amayang'anira odwala ambirimbiri, ndipo ngakhale atafunitsitsa bwanji sangathe kutembenuza aliyense maola awiri aliwonse. Wa mafizo akafika pabedi amakhalapo mphindi zowerengeka. Maola otsalawo ndi a gadiyani, amene amaphika kuchitando, kutunga madzi, kuchapa, kusambitsa, kutaya zonyansa, kukumbutsa mankhwala ndi kuthamangira namwino zikavuta. Kafukufuku wa pachipatala cha Kamuzu Central wofalitsidwa mu 2012 anaonetsa kuti odikirira odwala ambiri ndi amayi, ambiri sanapite patali ndi sukulu, ndipo amagwira ntchito yaikuluyi asanauzidwe bwino zoyenera kuchita, nthawi zina akuonedwa ngati ongodzaza wodi. Vuto lagona pamenepa: amene amakhala nthawi yaitali ndi wodwala ndi yemwe wauzidwa zochepa.

Chidziwitso chikasowa, chikondi chimatenga njira imene chimaidziwa, ndiyo kumuchitira wodwala chilichonse. Mwambo wathu sulola kuti wodwala avutike abale ake ali pomwepo, ndipo mawu omveka pafupi ndi bedi amakhala akuti, “Gonani, achimwene, musadzivute, tikuchitirani.” Mayi amamudyetsa mwana wake wamkulu phala ndi sipuni pamene manja ake onse ndi abwino, mkazi amawasambitsa amuna ake kumaso ndi kuwaveka malaya pamene chothyoka ndi mwendo. Mumtima mwa anthu amenewa mulibe choipa, koma thupi limataya msanga zimene silikugwiritsa ntchito, ndipo mtima nawo umazolowera kudikira. Njira yabwino ndiyo kugawa ntchito iliyonse m'tizigawo, n'kumusiyira wovulala gawo lililonse limene angathe. Ngati sangafikire beseni, muyandikizireni, koma asambe yekha kumaso. Ngati sangadzuke yekha, mudzutseni, koma kapu agwire yekha. Lero akadya yekha theka la mbale, mawa amalize yonse. Zimenezi zimachedwetsa, phala limatayikira pachofunda, ndipo wodikirira amayenera kupirira kuona m'bale wake akulimbana ndi chinthu chimene iye akanamaliza m'kamphindi. Koma kulimbanako ndiwo mafizo enieni, ndipo amachitika kangapo patsiku popanda kulipira kanthu.

Zimene gadiyani ayenera kuphunzitsidwa si zambiri, koma zimasiyana malinga ndi kuvulala kwake. Wodikirira munthu wokokedwa mwendo adziwe kuti zolemera zija ziyenera kulendewera, zisagunde pansi, ndipo zisachotsedwe usiku pomumvera chisoni. Azikumbutsa wodwala kulimbitsa mnofu wa ntchafu, kugwedeza phazi, kudzikweza ndi manja ndi kupuma mokoka mpweya wambiri kangapo pa ola. Aziyang'ana pamene chitsulo chalowera m'fupa ngati pakutuluka mafinya. Wodikirira wovulala msana aphunzire kutembenuza thupi lonse pamodzi, mutu, mapewa ndi chiuno osapotoka, ali ndi omuthandiza. Aziyang'ana khungu m'mawa ndi madzulo, podziwa kuti malo amene asintha mtundu, atentha kapena alimba ndi chilonda chimene chayamba kale mkati. Azisamala kapaipi ka mkodzo ndi kumumwetsa madzi okwanira. Wodulidwa mwendo asamaikiridwe pilo pansi pa bondo, chifukwa bondo likauma lili lopindika, mwendo woikirira sudzakhala bwino. Mwana wopsa pachigongono kapena m'khwapa aziwongoledwa monga achipatala anenera ngakhale akulira, pakuti chipsera chimakoka khungu n'kumanga mfundo. Wovala chikhakha zala zake zikatupa, zikazizira kapena zikachita dzanzi, namwino adziwe nthawi yomweyo. Kwa onsewa chakudya ndi mbali ya mankhwala: nsima yokha simanga mnofu, pamafunika usipa, matemba, nyemba, nandolo, nsinjiro ndi mazira, ndipo fodya amachedwetsa fupa kulumikizana. Zonsezi ngakhale munthu wosadziwa kuwerenga angathe kuziphunzira, wina akamuonetsa ndi manja kenaka n'kumuyang'anira akuchita yekha.

Si thupi lokha limene limavulala. Wa kabaza amene dzulo ankadyetsa banja ndi miyendo yake lero akuyenera kupempha beseni wodi yonse ikumva. Mayi amene ankalima thonje ndi nandolo akuuzidwa kuti munda wamera tchire. Manyazi, mantha, kusowa tulo ndi kukhumudwa kwakukulu n'zofala pambuyo pa ngozi, ndipo munthu wotaya mtima sachita mafizo. Abale angathe kukulitsa vutoli mosadziwa akamakambirana za wovulala ngati palibepo iye ali pomwepo, akamamubisira zimene dokotala wanena, kapena akagulitsa njinga yake ndi mbuzi zake osamufunsa. Munthu amayamba kudzidalira pa mawu asanadzidalire pa miyendo: afunsidwe amene akufuna kuti azimusambitsa, atchingiridwe ndi chitenje podzithandiza, auzidwe zoona mofatsa, ndipo apitirize kupereka maganizo pa za fizi ya ana, feteleza ndi malonda apakhomo. Msilamu athandizidwe kudziyeretsa ndi kuswali monga momwe thupi likulolera, Mkhristu adzaonedwe ndi anzake a kumpingo, chifukwa zimenezi zimamutsimikizira kuti malo ake pakati pa anthu akadalipo. Wovulala m'mutu amafuna kuleza mtima kwapadera, popeza kupsa mtima, kuiwalaiwala ndi kusintha khalidwe zimachokera ku ubongo wovulala, si mwano ndipo si kulodzedwa. Wodwala akayamba kunena kuti kunali bwino atangofa, abale asangomudzudzula, akawauze achipatala.

Wina angatsutse kuti kulimbikitsa abale kudzutsa ndi kugwedeza ovulala n'koopsa, ndipo sakunama. Msana wothyoka umene sunakhazikike ukapotozedwa, munthu amene akanayenda angathe kufa miyendo. Mwendo ukapondedwa nthawi isanakwane fupa limapindika kapena kulekana. Bondo louma likakakamizidwa ndi mphamvu limatupa. Koma mantha amenewa yankho lake ndi kuphunzitsa. Gadiyani amamugwira kale wodwala tsiku lililonse, pomusintha zofunda ndi pomusambitsa, kaya waphunzitsidwa kaya ayi, ndipo kumuletsa mafizo sikuchotsa manja ake pathupi la wodwalayo, kumangowasiya osadziwa. Malire akhale omveka. Kunena kuti mwendo upondedwe liti, wovulala msana akhale tsonga liti, ndi ululu wotani umene suyenera kudetsa nkhawa, ndi udindo wa dokotala ndi wa mafizo. Kuonetsetsa kuti zonenedwazo zikuchitika m'mawa, masana ndi usiku ndiwo udindo wa banja. Motero madokotala akamazungulira m'wodi, wachibale asamangofunsa za tsiku lotuluka, azifunsanso kuti, “Kodi adokotala, lero aloledwa kuchita chiyani okha, nanga chimene sayenera kuchita n'chiyani?” Azifunsanso za nthawi ya mankhwala ochepetsa ululu, chifukwa akamwedwa mafizo asanayambe wodwala sawaopa mafizowo.

Ena amati nkhani yodzidalira ndi ya kwa azungu, kumene munthu amakhala yekha m'nyumba. Kuno timakhalirana, ndipo kudalira abale si chinthu chamanyazi. Mawuwa ali ndi choonadi chake, ndipo ndi chuma chathu: wovulala wa ku Ntaja kapena ku Ulongwe sasiyidwa yekha m'wodi. Koma umunthu womwewo umafuna kuti wolandira akhalenso wopereka. Kwathu ulemu wa munthu wamkulu uli pa kupezeka pamaliro, kulankhula pamilandu, kulandira alendo, kulera adzukulu ndi kuika kanthu m'nkhokwe. Wovulala amene wazolowetsedwa kugona kuchipinda amachotsedwa pa zonsezi, ndipo pakapita miyezi odzamuona amachepa, womusamala amatopa, madandaulo n'kuyamba kumveka kuseri kwa nyumba. Kudzidalira kumene ndikunena sikutanthauza kusafuna anthu, komanso sikutanthauza kuti aliyense adzayenda. Munthu wofa miyendo amene amadziwa kusamala khungu lake, kudzisamutsa kuchoka pabedi kupita panjinga ya olumala, kusoka, kukonza mafoni kapena kugulitsa mu okala ndi wodzidalira, ngakhale kuti pamalo ena amafuna womukankha. Wofa manja ndi miyendo yomwe, amene amalamula yekha za chisamaliro chake ndi za pakhomo pake, nayenso ali ndi ufulu wake. Banja limene lafikitsa m'bale wawo pamenepa ndilo lasunga mwambo, chifukwa lamubwezera pabwalo.

Chitsutso cholemera koposa ndi chakuti kutamanda gadiyani n'kumasula boma pa udindo wake n'kuunjika katundu pa amayi osauka. Mayi amene wakhala miyezi iwiri kuchitando wasiya munda nthawi yadzinja, wasiya ana, mwina mwana wake wamkazi wayamba kujomba kusukulu kuti aziphika kunyumba. Amagona pansi, msana umamupweteka chifukwa chonyamula munthu wamkulu, ndipo palibe amene amamulipira. Izi n'zoona, ndipo umboni ukuonetsa kuti gawo lina lalikulu la katunduyu ndi lopeweka. Kafukufuku wa odwala 187 othyoka fupa la ntchafu m'zipatala za m'Malawi, wotsogozedwa ndi Dr Linda Chokotho ndi kufalitsidwa mu 2020, anapeza kuti oikidwa chitsulo mkati mwa fupa ankayamba msanga kupeza bwino kuposa okokedwa mwendo, ndipo pafupifupi 30 mwa okokedwa 100 aliwonse anafunikabe opaleshoni pambuyo pake. Atawerengera ndalama anapezanso kuti opaleshoniyo ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi kugoneka munthu masabata ambiri. Sabata iliyonse imene wovulala akudikira kulowa kufiyeta, kupatsidwa magazi kapena kukwera ambulansi yopita ku Zomba, banja limalipira ndi thukuta ndi njala. Kutsegulidwa kwa chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION ku Lilongwe mu 2023 ndi chinthu chabwino, koma kwa munthu wa ku Nayuchi ndi kutali. Choncho kumuyamikira gadiyani ndi pakamwa pokha sikukwanira. Tivomereze kuti akugwira ntchito ya chipatala, ndipo apatsidwe maphunziro, magolovesi, madzi, sopo, malo ogona abwino ndi ufulu wofunsa mafunso, uku boma likuwonjezera anamwino, a mafizo ndi maopaleshoni. Ziwirizi sizitsutsana, ndipo khungu la wovulala wa lero silingadikire kuti antchito achuluke.

Banja nalo lili ndi zoyenera kukonza, chifukwa mutu umodzi susenza denga. M'madera a Machinga ndi Balaka, kumene mabanja ambiri amatsata kuchikazi, mwinimbumba ali ndi mphamvu yoitanitsa abale, ndipo mphamvu imeneyi isamadikire maliro. M'sabata yoyamba akambirane kuti adikirire ndani, asinthane liti, munda wa wodikirirayo alime ndani, ufa ndi nkhuni zizifika bwanji kuchitando, ndipo achibale a ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Joni azitumiza zingati pafoni. Kusinthana n'kofunika, koma wolowa aphunzire kwa wotuluka pamaso pa namwino, kuti luso lisapite kumudzi pamodzi ndi wotopayo. Amuna asadzipatule: kunyamula, kutembenuza ndi kusambitsa mwamuna wamkulu kumamuyenera mkulu wake kapena mng'ono wake koposa mayi wokalamba, ndipo wovulalayo amamasuka. Pakhalenso mmodzi wolondola mapepala. Lamulo la pamsewu limafuna kuti galimoto ndi njinga yamoto iliyonse ikhale ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena, ndipo lamulo la chipukutamisozi kwa antchito la 2000 limateteza wovulala ali pantchito. Koma popanda lipoti la apolisi ndi la dokotala, ndalama zimene zikanagula ndodo zoyendera, matiresi kapena thiransipoti yobwerera kuchipatala zimatayika. Njinga zamoto zambiri za kabaza zilibe mapepala, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mtolo wonse umagwera banja.

Tsiku lotuluka ndilo limayesa zonse zimene zachitika m'wodi. Pansi pa chipatala ndi posalala. Kumudzi kuli mchenga, matope, khonde lokwera, khomo lopapatiza ndi chimbudzi chokumba chomwe chili patali ndi nyumba. Apa ena amati kukamba zodzidalira kwa munthu wopanda njinga ya olumala n'kulota. Zipangizo zikusowadi, koma zambiri zofunika zili m'manja mwa kalipentala ndi anyamata apamudzi, bola ziyambike wodwala asanafike: mpando wobooledwa pakati woika pachimbudzi, mtengo wogwirira m'mbali mwake, nsungwi ziwiri zomangidwa pamafoloko pabwalo zophunzirira kuyenda, khonde lothiridwa dothi kuti likhale lotsetsereka, bedi lokwererako m'malo mwa mphasa. Asanatuluke, wodwala ayesere m'wodi zimene akakumane nazo, monga kukwera sitepe ndi ndodo, ndipo m'buku lake la kuchipatala mulembedwe zochita, zizindikiro zoopsa ndi tsiku lobwerera. Masabata oyamba kunyumba ndi pamene ena amavula chikhakha msanga kapena kupita kwa sing'anga chifukwa thiransipoti yavuta ndipo chiyembekezo chachepa. Banja limene lamvetsa chifukwa chake cha malangizo silithamangira zimenezi. Thandizo lapafupi liliponso: alangizi a zaumoyo a m'midzi, bungwe la Sue Ryder Foundation la ku Balaka limene lakhala likufikira anthu aulumali m'midzi, ndi ntchito za m'madera za bungwe loona za anthu aulumali limene linkatchedwa MACOHA, lomwe kuchokera pa lamulo la anthu aulumali la 2024 likutchedwa MACODA. Chipatala chimulumikize wodwala ndi anthu amenewa asanakwere galimoto, kuti banja lisadzawafunefune zilonda zitayamba kale.

Mu Meyi 2023 mayiko a m'bungwe la WHO anagwirizana koyamba kuti ntchito yobwezera anthu pa moyo wodzidalira ikhale mbali yeniyeni ya chisamaliro cha zaumoyo, yofikira aliyense woifuna. Pa wodi ya ovulala ya chipatala cha m'boma, mgwirizano umenewu ungathe kuyamba ndi zinthu zosadikira bajeti yatsopano. Dzina la gadiyani lilembedwe m'faelo ya wodwala. M'masiku awiri oyamba aonetsedwe kutembenuza, kuyang'ana khungu ndi mafizo oyenera, m'Chichewa kapena m'Chiyao malinga ndi chimene amamva bwino. Sabata iliyonse wa mafizo azisonkhanitsa odikirira onse kwa kanthawi, ndipo anthu amene anavulala kale n'kuyambiranso moyo aziitanidwa kudzacheza ndi atsopano, chifukwa wovulala amakhulupirira mnzake amene anadutsamo koposa wina aliyense. Kumutu kwa bedi kukhale cholinga chimodzi cha sabatayo, chojambulidwa kuti aliyense achimve: kukhala tsonga, kudzisambitsa, kuima, kufika pakhomo la wodi. Oyendetsa zipatala, powerenga otuluka amoyo, aziwerenganso otuluka opanda zilonda za pabedi ndi otha kudzithandiza okha, kuti aziona msanga pamene pakufunika kukonza. Abale ali kale pambali pa bedi, ndipo adzakhalapobe ngakhale antchito atachuluka. Chatsala n'chakuti achipatala awatenge ngati anzawo pantchito, ndipo iwonso alimbe mtima kuchotsa dzanja pang'onopang'ono, sabata ndi sabata, kufikira m'bale wawo atatha kuchita yekha zonse zimene thupi lake lingalole.